Mmene tizilombo timasokonezera asilikali a m'thupi pa nthenda ya multiple sclerosis

Multiple sclerosis, yomwe madokotala amaifupikitsa kuti MS, ndi nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kuyamba kuwononga ubongo, mitsempha ya maso ndi mtsempha waukulu umene umadutsa m'kati mwa fupa la msana. Bungwe la MS International Federation lidawerengera m'chaka cha 2020 kuti padziko lonse pali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni amene ali ndi nthendayi, ndipo mwa odwala atatu alionse, awiri ndi akazi. Ambiri imawagwira ali pakati pa zaka 20 ndi 40, msinkhu umene munthu amakhala akumanga banja ndi kukhazikika pantchito. Mankhwala oichepetsa mphamvu alipo, koma oichiziratu sadapezeke.

Maganizo oti gwero la nthendayi ndi kachilombo si atsopano. Dokotala wa ku France, Pierre Marie, adawatchula kale mu 1884, ndipo kuyambira pamenepo tizilombo tambiri takhala tikulozedwa chala, kuphatikizapo ka chikuku ndi kena kamene kamadwalitsa agalu. Milandu yambiri idathera m'malere posowa umboni. Umene watsala, ndipo wakula kwambiri kuyambira mu 2022, ndi wa kachilombo ka Epstein-Barr, kapena kuti EBV. Chovuta n'chakuti kachilomboka kali m'thupi mwa akuluakulu pafupifupi 95 mwa 100 alionse padziko, pamene MS imagwira anthu owerengeka. Ndiye kachilombo ka aliyense kangayambitse bwanji nthenda ya ochepa? Kafukufuku akulozera ku mmene kamasinthira maselo oteteza thupi, ndi mmene thupi la munthu aliyense limakamangira.

Chimene chimawonongeka

Mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi ili ngati mawaya a magetsi. Ulusi wake umakutidwa ndi chinthu chamafuta chotchedwa myelin, chomwe chimagwira ntchito yonga ya pulasitiki wa pawaya: chimateteza ulusiwo komanso chimafulumizitsa uthenga. Mu ulusi wokutidwa bwino uthenga ungathamange mamita oposa 100 pa sekondi imodzi, pamene mu ulusi wosakutidwa umangoyenda mita imodzi kapena awiri. Pa MS, maselo oteteza thupi amalowa mu ubongo n'kusenda myelin m'malo osiyanasiyana. Pamalo posendekapo pamatsala chipsera cholimba, ndipo dzina la nthendayi limatanthauza zimenezo, zipsera zambiri zouma. Amene adaifotokoza momveka bwino koyamba ndi Jean-Martin Charcot wa pachipatala cha Salpêtrière ku Paris, mu 1868.

Zizindikiro zimatengera pamene chipsera chagwera. Wina diso limodzi limachita chidima n'kumawawa akamaliyendetsa, wina amamva dzanzi m'miyendo, wina amadzandira ngati waledzera asadalawe kanthu, winanso amalephera kugwira mkodzo. Kutopa kosadziwika mutu wake kumavutitsa ambiri. Odwala pafupifupi 85 mwa 100 alionse nthendayi imawayamba mobwera n'kupita: amadwala masabata angapo, n'kupezako bwino kwa miyezi kapena zaka, kenako n'kudwalanso. Pakapita nthawi ulusi weniweniwo umayamba kufa, ndipo kulumala kobwera pamenepo sikubwerera m'mbuyo.

Asilikali ndi ntchito zawo

Ambiri adazolowera mawu oti CD4 chifukwa cha kachilombo ka HIV. Maselo a CD4 ndi gulu limodzi la maselo a T, ndipo ntchito yawo ndi yolamula ndi kulimbikitsa anzawo pankhondo. Gulu lina la maselo a T ndi la CD8, lomwe limapha selo lililonse limene lalowedwa ndi kachilombo. Maselo a B amapanga ma antibody, tizinthu tomwe timamatirira mdani kuti aonekere ndi kuwonongedwa. Palinso maselo a NK, omwe amapha mwachangu osadikira kuphunzitsidwa.

Selo la T siliona kachilombo kathunthu. Limangoona kachidutswa ka puloteni kamene selo lina lakanyamula pa kambale kotchedwa HLA. Kapangidwe ka timbale timeneti munthu amatengera kwa makolo, ndipo n'chifukwa chake anthu awiri amene alowedwa ndi kachilombo kamodzi amaonetsa asilikali awo tizidutswa tosiyana. Maselo a T ndi a B akamakula, thupi limasefa ndi kupha ambiri mwa amene akuoneka kuti angaukire mwini wake, koma sefayo si yangwiro. Munthu aliyense wathanzi ali ndi maselo ochepa otha kuukira myelin. Amangokhala ogona, omangidwa, ndipo ubongo uli ndi mpanda wa timitsempha ta magazi umene suwalola kulowa mwachisawawa.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankati MS ndi nthenda ya maselo a T basi. Mu 2008 gulu lotsogoleredwa ndi Stephen Hauser wa ku San Francisco lidaonetsa kuti rituximab, mankhwala a khansa amene amachotsa maselo a B m'magazi, amachepetsa kwambiri zilonda zatsopano mu ubongo wa odwala MS, ndipo amatero m'miyezi yochepa. Chodabwitsa chidali chakuti mankhwalawa sakhudza maselo okhwima amene amatulutsa ma antibody ambiri. Izi zidasonyeza kuti maselo a B ali ndi mlandu wina: amaonetsa maselo a T tizidutswa ndi kuwasonkhezera. Ndipo nyumba ya EBV m'thupi ndi selo la B lomwelo.

Kachilombo kamene kadapezeka kudzera mwa ana a mu Africa

Mbiri ya EBV idayambira kuno. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni pachipatala cha Mulago ku Kampala, adafotokoza khansa yotupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri adayenda pagalimoto ulendo wa makilomita pafupifupi 16,000, kuzungulira zipatala zoposa 50 za kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za m'dziko lino lomwe panthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Adapeza kuti khansayi imachuluka m'madera otsika, otentha ndi achinyezi, komwenso pambuyo pake kudadziwika kuti ndi kwa malungo ambiri. Mpaka lero khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa khansa zimene zimagwira ana ambiri m'Malawi.

Anthony Epstein adamva Burkitt akukamba nkhaniyi ku London, ndipo adapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo pandege. Mu 1964 iye, Yvonne Barr ndi Bert Achong adaona kachilombo katsopano m'maselo ochokera m'zotupazo. Kadakhala kachilombo koyamba kudziwika kuti kamayambitsa khansa mwa anthu. Mu 1968 Werner ndi Gertrude Henle a ku Philadelphia adapeza kuti n'komwenso kamayambitsa nthenda ya mononucleosis, ya malungo, zilonda zapakhosi, mwanabere ndi kufooka kwa masabata angapo.

EBV ndi ka m'banja la herpes, limodzi ndi ka katsabola, ndipo tonse ta m'banjali tikalowa sitichokanso. Kamafala kudzera m'malovu. Mwana wamng'ono akakatenga, kawirikawiri sadwala n'komwe. Amene wakatenga atakula, makamaka pa unyamata, ndiye amadwala mononucleosis, ndipo munthu amene adadwalapo nthendayi mwayi wake wodzadwala MS umawirikiza kawiri kapena kuposerapo.

Umboni wa m'magazi a asilikali a ku America

Kutsimikiza kuti kachilombo ka aliyense kamayambitsa nthenda kumafuna kupeza anthu ochepa amene alibe, n'kuwatsatira kwa zaka zambiri. Mwayi wotere udapezeka ku gulu lankhondo la America, lomwe limayeza asilikali ake HIV polowa ntchito ndi pakapita zaka ziwiri zilizonse, n'kusunga magazi otsala mufiriji. Alberto Ascherio, Kjetil Bjornevik ndi anzawo a pa Harvard adafufuza mbiri ya asilikali oposa 10 miliyoni amene adagwira ntchito pakati pa 1993 ndi 2013. Mwa iwo, 955 adapezeka ndi MS, ndipo 801 adali ndi magazi osungidwa oti n'kuyezedwa.

Zotsatira zidatuluka m'magazini ya Science mu January 2022. Mwa odwala 801 aja, mmodzi yekha ndiye adalibe EBV pamene nthenda inkayamba. Panali 35 amene adalowa usilikali alibe kachilomboka, ndipo 34 mwa iwo adakatenga MS isadawagwire. Poyerekeza ndi anzawo amene adakhalabe opanda kachilomboka, mwayi wodwala MS udakwera kuwirikiza ka 32. Akatswiriwo adayezanso kachilombo kena ka m'banja lomwelo kotchedwa CMV, komwenso kamafala kudzera m'malovu, kuti aone ngati nkhani ili pa khalidwe la munthu chabe. CMV sikadakweze chiopsezo. Mfundo yolimba koposa idali ya puloteni yotchedwa neurofilament light, yomwe imatayikira m'magazi ulusi wa mitsempha ukamawonongeka. Puloteniyi idayamba kukwera pokhapokha munthu atatenga EBV, zaka zingapo zizindikiro zisadaoneke. Kachilombo ndiko kadatsogola, kuwonongeka kudatsatira.

Kafukufukuyu sadanene kuti aliyense wa EBV adzadwala. Adaonetsa kuti popanda EBV nthendayi siyamba, kupatula mwa apo ndi apo. Zina zimene zimathandizira ndi chibadwa, kusuta fodya, kuchepa kwa vitamini D ndi kunenepa kwambiri pa unyamata.

Mlendo amene amalanda nyumba

EBV kakalowa m'selo la B sikalipha msanga monga tizilombo tina timachitira. Kamalisandutsa. Mwachibadwa selo la B limafunika zilolezo ziwiri kuti lichulukane ndi kukhala moyo wautali: choyamba limalandira likakumana ndi mdani amene lidapangidwira, chachiwiri limalandira kwa selo la CD4. Selo limene likuukira mwini thupi nthawi zambiri limamanidwa chilolezo chachiwiri ndipo limafa. EBV kali ndi mapuloteni awiri, LMP2A ndi LMP1, amene amatsanzira zilolezo zonse ziwiri. Selo limene kalilowa limadzisainira lokha chikalata, ndipo limapulumuka pamene likadafa.

Pamenepa mpamene Michael Pender wa ku Queensland, Australia, adamangapo ganizo lake m'zaka zoyambirira za m'ma 2000: ngati selo la B limene EBV kalowamo lili lina mwa aja otha kuukira ubongo, ndiye kuti kachilomboka kapulumutsa chigawenga. Puloteni ina ya kachilomboka, EBNA2, imakhala pa DNA ya munthu n'kumayatsa ndi kuzimitsa malangizo ake. Mu 2018 akatswiri a ku Cincinnati adapeza kuti EBNA2 imakhala pa ambiri mwa malo amene adadziwika kale kuti amakweza chiopsezo cha MS ndi matenda ena ofanana nayo, monga lupus. Kafukufuku wina waonetsa kuti maselo a B okhudzidwa ndi EBV amakonda kuvala chizindikiro chotchedwa CXCR3, chomwe chimawathandiza kutsata fungo la kutupa mpaka kuwoloka mpanda wa ubongo.

Ngati maselo otere amakakhazikikadi mu ubongo ndi nkhani imene akatswiri akhala akukanganapo. Mu 2007 gulu la Francesca Aloisi ku Rome lidalengeza kuti lapeza maselo a B okhala ndi EBV mu ubongo wa odwala 21 mwa 22 amene adamwalira ndi MS, makamaka m'timagulu tomwe timamera pa nembanemba yokuta ubongo. Magulu ena atayesa sadapeze kanthu, ena adapeza. Kusiyanaku mwina kukuchokera pa njira zoyezera, pakuti maselo amene akusakidwa ndi ochepa zedi: m'magazi a munthu wathanzi, mwa maselo a B 1 miliyoni, okhala ndi kachilomboka amakhala pakati pa 1 ndi 50.

Kufanana nkhope

Njira yachiwiri ndi imene ili ndi umboni wooneka bwino, ndipo ndi ya kusokoneza nkhope. Kachidutswa ka puloteni ya kachilombo kakafanana ndi ka puloteni ya mu ubongo, msilikali amene adaphunzitsidwa kusaka mdani amagwira mwini mudzi. Kai Wucherpfennig ndi Jack Strominger a pa Harvard adaonetsa mu 1995 kuti maselo a T ochokera kwa odwala MS, amene amaukira puloteni ya myelin, amadzukanso akaona tizidutswa ta tizilombo tingapo, kuphatikizapo EBV. Mu 2002 gulu la Lars Fugger lidajambula kapangidwe ka tizidutswa tiwiri, ka EBV ndi ka myelin, titakhala pa timbale ta HLA, ndipo lidapeza kuti mbali imene selo la T limaona ndi yofanana kwambiri.

Mtundu wa kambale ndi wofunika. Mwa malo oposa 200 a m'chibadwa cha munthu amene amakhudzana ndi MS, lamphamvu koposa ndi HLA-DRB1*15:01, lomwe limawirikiza chiopsezo pafupifupi katatu. Mtundu wina, HLA-A*02, umateteza. Munthu amene ali ndi woyambawo, alibe wachiwiriwo, ndipo ali ndi ma antibody ambiri olimbana ndi EBV, chiopsezo chake chimakula koposa kungophatikiza zitatuzo.

Patangopita masabata ochepa kafukufuku wa asilikali uja atatuluka, gulu la pa Stanford lotsogoleredwa ndi William Robinson ndi Lawrence Steinman, limodzi ndi Tobias Lanz, lidafalitsa zake m'magazini ya Nature. Lidatenga maselo a B m'madzi a pamsana a odwala, aja amatungidwa ndi singano, n'kufufuza chimene ma antibody awo amasaka. Lidapeza antibody imene imamatirira puloteni ya EBV yotchedwa EBNA1, komanso imamatirira GlialCAM, puloteni ya m'maselo amene amapanga ndi kusamalira myelin. Ma antibody otere adapezeka mwa odwala 20 mpaka 25 mwa 100 alionse. Mbewa zoyeserera zimene zidali ndi nthenda yonga MS zitabayidwa kachidutswa ka EBNA1 kaja, zidadwala koposa. Akatswiri a pa Karolinska Institutet ku Stockholm apezanso mapuloteni ena awiri a m'thupi amene amasokonezedwa ndi EBNA1: anoctamin 2 mu 2019, ndi alpha-B crystallin mu 2023. Tizidutswa tonse titatu tofananirato tili moyandikana m'chigawo chimodzi chachifupi cha EBNA1. Ndipo EBNA1 ndi puloteni imene kachilomboka sikangaisiye, chifukwa ndi imene imakamangirira ku DNA ya selo pamene selolo likugawikana. Choncho thupi limaiona moyo wonse.

Palibe imodzi mwa njirazi imene yapezeka mwa odwala onse. N'kutheka kuti MS ndi msika umodzi wofikako kudzera m'misewu ingapo.

Alonda amene amatopa, ndi kachilombo kamene kamathandiza

Pamene munthu akudwala mononucleosis, maselo a CD8 amachulukana modabwitsa, moti nthawi zina pafupifupi theka la onse a m'magazi amakhala osaka EBV. Kufooka ndi kutupa kwa mwanabere kumachokera ku nkhondo imeneyi, osati ku kachilomboko kwenikweni. Nkhondo ikatha gulu la alonda limatsala, ndipo ndi limene limaletsa maselo a B osandutsidwa aja kuchulukana. Mphamvu ya ulonda umenewu imaoneka ukachoka: anthu amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha Edzi kapena mankhwala a pambuyo poikidwa chiwalo cha munthu wina amadwala khansa zoyambitsidwa ndi EBV.

M'zilonda za MS maselo a CD8 ndi ochuluka kuposa a CD4, ndipo kafukufuku wa posachedwapa waonetsa kuti ena mwa maselo a T amene achulukana m'madzi a pamsana a odwala amazindikira maselo a B okhala ndi EBV. Pali njira ziwiri zomvera zimenezi. Mwina alondawo adalowa mu ubongo pothamangitsa kachilombo n'kuwononga za eni ake pomenya nkhondo, monga alenje otentha tchire lonse posaka mbewa. Mwinanso, monga amanenera Pender, alondawo ndi ofooka ndi otopa, ndipo n'chifukwa chake maselo oipa adafika kumeneko.

Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya zachipatala ya Vienna, Hannes Vietzen ndi Elisabeth Puchhammer-Stöckl, adawonjezera mfundo ina m'magazini ya Cell. Adapeza kuti anthu ena athanzi nawonso ali ndi ma antibody aja osokoneza EBNA1 ndi GlialCAM, koma sadwala, chifukwa maselo awo a NK ndi a T amasaka n'kupha maselo oukira mwini thupiwo. Gulu lina la maselo a NK ogwira ntchitoyi, okhala ndi chizindikiro cha NKG2C, limachuluka mwa anthu amene adatengapo CMV. Izi zikugwirizana ndi zimene zidaoneka mwa asilikali a ku America, kuti amene adali ndi CMV chiopsezo chawo chidali chotsikirapo. Kachilombo kena kamasula chigawenga, kena kaphunzitsa apolisi.

Tizilombo tina tili m'nkhaniyi, ngakhale umboni wake ndi wopepukirapo. Ka HHV-6A kamatha kulowa m'maselo opanga myelin, ndipo ku Sweden kadapezeka kuti ma antibody ake ndi ochuluka mwa odwala MS. Pafupifupi magawo 8 mwa 100 a DNA ya munthu ndi zotsalira za tizilombo takalekale timene tidalowa mwa makolo athu, ndipo kamodzi mwa timeneti, HERV-W, kamene Hervé Perron wa ku France adakalondola mwa odwala MS, kamadzutsidwa ndi EBV. M'madzi a pamsana a odwala ambiri mumapezekanso ma antibody a chikuku, rubella ndi katsabola. Sikuti tizilomboti tili mu ubongo. Ndi chizindikiro choti maselo a B amitundumitundu adakokeredwa m'katimo n'kukhazikika. Ngakhale chimfine wamba chili ndi mbali yake, pakuti m'masabata otsatira chimfine wodwala MS amakhala pachiopsezo chokulirapo choti nthenda imuyambirenso.

Chifukwa chiyani siichuluka kuno?

MS imachuluka kutali ndi equator: ku Scotland, ku Scandinavia, ku Canada ndi kumwera kwa Australia. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kumene pafupifupi mwana aliyense ali ndi EBV, odwala odziwika ndi ochepa kwambiri. Zifukwa zake ndi zingapo. Ana ambiri kuno amatenga kachilomboka asadakwanitse zaka zitatu, pamene m'maiko olemera ambiri amakatenga atakula. Dzuwa nalo ndi lambiri, ndipo ndi limene limapangitsa khungu kupanga vitamini D. Chibadwa chilinso ndi gawo: kafukufuku wa DNA ya mafupa akale, wofalitsidwa mu Nature mu January 2024, adaonetsa kuti mitundu ingapo ya chibadwa yokweza chiopsezo cha MS idafalikira kumpoto kwa Ulaya ndi abusa a ng'ombe otchedwa Yamnaya, ochokera m'zigwa za kumpoto kwa Black Sea zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Akatswiriwo akuganiza kuti chibadwachi chinkawateteza ku matenda ochokera ku ziweto.

Umboni wa msinkhu udachokera ku South Africa. Geoffrey Dean, dokotala wa ku Port Elizabeth, adapeza m'zaka za m'ma 1960 kuti azungu obwera kuchokera ku Ulaya ankadwala MS kwambiri kuposa obadwira komweko. Mu 1971 iye ndi John Kurtzke adaonetsa kuti amene adasamuka asadakwanitse zaka 15 chiopsezo chawo chinkatsika n'kuyandikira cha dziko latsopanolo, pamene osamuka atakula ankabwera nacho cha kwawo. Ku Britain zidaonekanso motembenuza: ana obadwira kumeneko kwa makolo ochokera ku Africa, ku Caribbean ndi ku India amadwala MS kuposa makolo awo. Mabanja a kuno amene akulera ana ku Manchester kapena ku Leeds sayenera kuiona ngati nthenda ya azungu okha, ndipo kafukufuku wa ku California wa mu 2013 adapeza kuti akazi akuda ankapezeka nayo kuposa akazi achizungu.

Chiwerengero chochepa chili ndi tanthauzo linanso. MS imatsimikizidwa ndi makina a MRI ndi dokotala wa mitsempha, ndipo kumene ziwirizi zili zosowa, wodwala angathe kufa asadamve dzina la chimene chikumudya. Miyendo ikafooka, dokotala wa kuno amayamba waganizira TB ya msana, HIV, kapena likodzo limene lakwera ku mtsempha wa msana, ndipo amalondola kutero chifukwa ndiwo matenda ofala. Koma mayeso onsewo akapanda kuonetsa kanthu mwa mtsikana amene diso lidachitapo chidima chaka chatha, MS iyenera kukumbukiridwa.

Zimene zasintha pa mankhwala

Mbiri ya mankhwala a MS yadzaza ndi tizilombo. Oyamba kuvomerezedwa, mu 1993, adali interferon beta, puloteni imene thupi limapanga polimbana ndi tizilombo. Natalizumab, amene amatseka khomo kuti maselo oteteza asalowe mu ubongo, adavomerezedwa mu 2004 koma adaimitsidwa mu February 2005, odwala ena atagwidwa ndi nthenda yoopsa ya ubongo yotchedwa PML. Imayambitsidwa ndi kachilombo ka JC, kamene anthu ambiri ali nako mosadziwa ndipo kamadzuka ulonda ukachoka. Ndi nthenda yomweyo imene imaoneka mwa odwala Edzi yofika posauzana. Mankhwalawa adabwereranso mu 2006, ndipo lero wodwala amayezedwa kaye ngati ali ndi JC. Phunziro lake lidali lakuti maselo a T amalondera ubongo tsiku ndi tsiku, ndipo kuwatsekera kunja onse kuli ndi mtengo wake.

Mankhwala ochotsa maselo a B ndiwo ali m'gulu la amphamvu koposa lero. Ocrelizumab adavomerezedwa ku America mu 2017, ndipo adali oyamba kuthandiza mtundu wa MS umene umangokulirakulira kuyambira pachiyambi. Pochotsa maselo a B amachotsanso nyumba ya EBV, ngakhale sizidatsimikizike kuti mphamvu yawo yagona pamenepo. Mu July 2023 bungwe la WHO lidaika koyamba mankhwala a MS pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira: rituximab, cladribine ndi glatiramer acetate.

Kulimbana ndi kachilomboko mwachindunji sikudabale zipatso zooneka. Kampani ya Atara Biotherapeutics idayesa kupatsa odwala maselo a T ochokera kwa anthu ena, ophunzitsidwa kupha maselo okhala ndi EBV, koma mu November 2023 idalengeza kuti amene adalandira sadapeze bwino kuposa amene sadalandire. Oyesedwawo adali oti nthenda idawalowerera kale, ndiye funso likadalipo loti EBV ndi machesi amene amangoyatsa moto n'kutayidwa, kapena ndi nkhuni zimene zimausonkhezera. Pali chidwi pa tenofovir, mmodzi mwa ma ARV amene anthu ambiri m'Malawi amamwa tsiku lililonse. Mu labotale amaletsa EBV kuchulukana, ndipo kafukufuku wa m'mabuku a zipatala ku England, komanso ku Sweden ndi ku Canada, adapeza kuti anthu okhala ndi HIV amadwala MS mocheperapo. Izi sizidafike poti n'kulembera wodwala MS ma ARV, pakuti HIV payokha imachepetsa maselo a CD4 amene amasonkhezera nthendayi, ndipo kulekanitsa ziwirizi kumafuna kuyesa kwa dongosolo.

Chiyembekezo chachikulu chili pa katemera. Wina, woyesedwa pa achinyamata a ku Belgium, zotsatira zake zidatuluka mu 2007: adachepetsa mononucleosis ndi magawo 78 mwa 100, koma sadaletse kachilombo kulowa. Mu 2022 kampani ya Moderna idayamba kuyesa pa anthu katemera wa mRNA, ndipo bungwe la boma la America la National Institutes of Health lidayambanso kuyesa wake. Mayeso oyambawa amangoona ngati katemera ndi wosavulaza ndiponso ngati akudzutsa chitetezo. Kuti zidziwike ngati amaletsa MS, padzafunika kubaya achinyamata ambirimbiri amene sadatenge EBV ndi kuwatsatira kwa zaka zambiri, pakuti mwa asilikali a ku America aja, pakati pa tsiku limene magazi adaonetsa kachilombo koyamba ndi tsiku limene zizindikiro zidayamba pankadutsa zaka pafupifupi zisanu, ndipo kwa ena mpaka khumi.